Kusintha valavu yowonongeka pa thanki ya gasi ya galimoto yogonamo yakale

Eni magalimoto ogonamo akale, aja amene ku America amawatcha motorhome, akamva fungo la gasi pafupi ndi thanki amakonda kulakwitsa m'njira ziwiri. Ena amathamangira kukagula valavu yatsopano pamene yakaleyo ilibe vuto lililonse, ndipo ena amayamba kumasula valavu pa thanki imene akuiyesa yopanda kanthu chifukwa choti singano ya geji yagona pansi. Kulakwitsa koyambako kumangodya ndalama, koma kwachiwiriko kungakuchotseni maso, kungapsereze manja, ndipo kungayatse galimoto yonse. Ntchito ya sipanala payokha ndi yochepa, sifika ngakhale ola limodzi. Nthawi yambiri imathera pa kupeza malo enieni amene gasi akutulukira ndi kutsimikiza kuti m'thanki mulibedi kanthu.

Malangizowa ndi a thanki yogona chopingasa imene imamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa galimoto, ya mtundu wa ASME (muyezo wa ku America wopangira mathanki opirira mphamvu), yomwe ili pa magalimoto ogonamo ambiri opangidwa ku United States ndi ku Canada. Masilinda onyamula pamanja ndi nkhani ina: valavu yake ikawonongeka, ndi bwino kungokasinthitsa silinda yonse. Amene muli ku Britain kapena ku South Africa dziwani kuti mazinga ndi ma regulator (zipangizo zochepetsa mphamvu ya gasi wochokera m'thanki) a kumeneko ndi osiyana ndi amene ndikufotokoza pano, ndipo amisiri a gasi ovomerezeka amalembetsedwa ku Gas Safe Register ku Britain ndi ku SAQCC Gas ku South Africa. Ku America nakonso madera ena amafuna chiphaso pa ntchito ya gasi, choncho funsani lamulo la kumene mukukhala musanagwire chida. Magawo awiri a ntchitoyi, kukhuthula thanki imene mwatsala gasi wambiri ndi kuchotsamo mpweya mukamaliza, ndi a wogulitsa gasi wokhala ndi zipangizo zake, ndipo sindikulangizani kuti muwachite nokha.

Zida ndi zipangizo zofunika

- Valavu yatsopano yofanana ndi yakale pa nambala, kukula kwa mazinga ndi ntchito yake
- Sipanala yokwana bwino pa thupi la valavu, ya mpini wautali
- Sipanala ya mainchesi 7/8, yomwe nthawi zambiri ndiyo imakwana pa nati ya regulator, ndi ina yogwirira kuti paipi isapotoke
- Phala lomatira mazinga lolembedwa kuti ndi la gasi wa LPG, kapena tepi yachikasu ya gasi
- Madzi a thovu oyesera gasi, kapena sopo wotsukira mbale wopanda ammonia, ndi kaburashi
- Burashi yaing'ono yamkuwa ndi nsalu zoyera
- Magolovesi ochindikala ndi magalasi oteteza maso
- Chozimitsira moto cha ufa, chimene sichinathe masiku
- Mafuta ofewetsa dzimbiri
- Manometer (chipangizo choyezera mphamvu ya gasi), ngati mungaipeze, yoyesera mapaipi pomaliza
- Munthu wachiwiri woima chapatali, amene angathe kuimba foni zinthu zikavuta

Gawo loyamba: pezani chimene chawonongeka

1. Dziwani mavalavu a pa thanki yanu. Mukatsekula kachitseko ka m'mbali mwa galimoto mupeza zinthu zingapo zamkuwa zitandandalikana. Yokhala ndi kagudumu kopotokola ndi dzanja ndiyo valavu yotulutsira gasi, imene pa Chingelezi amati service valve, ndipo regulator imalumikizidwa pamenepo. Yaikulu kukamwa, ya mazinga akuluakulu ndi chivindikiro cha pulasitiki, ndi yothirira gasi. Kakang'ono kopotokola ndi zala ziwiri ndi koyesera mlingo: wothira gasi amakatsekula, ndipo kakayamba kulavula nkhungu yoyera amadziwa kuti thanki yafika pa 80 peresenti. Palinso valavu yodziteteza, imene imatseguka yokha mphamvu ya gasi ikakwera mopitirira, komanso geji ya singano.

2. Zimitsani moto uliwonse, tsekani kagudumu, ndipo pakani madzi a thovu paliponse: pamene valavu iliyonse yalowa m'thanki, pa tsinde la kunsi kwa kagudumu, pakamwa pa valavu yothirira, pa kakang'ono koyesera mlingo ndi kuzungulira geji. Musafulumire kuchoka. Pobowoka kwambiri thovu limafufuma nthawi yomweyo ngati chibaluni, koma pobowoka pang'ono pamangosonkhana timathovu ting'onoting'ono ngati mazira a chule, ndipo timaoneka pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenaka tsekulani kagudumu mpaka kumapeto, n'kupakanso pa tsinde, pa nati ya regulator ndi pa regulator yeniyeniyo.

*Chenjezo:* musayese gasi ndi machesi kapena laita, ndipo musagwiritse ntchito mankhwala otsukira magalasi, chifukwa ambiri ali ndi ammonia amene amang'alula mkuwa pang'onopang'ono.

3. Tanthauzirani zimene mwaona, pakuti apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira pachabe. Thovu likamatuluka pa tsinde pamene kagudumu kali pakatikati, koma n'kusiya mukakatsekula mpaka kumapeto, ndiye kuti kamphete ka labala ka m'tsinde katha, ndipo valavu ikudzitseka yokha chakumbuyo monga mmene anaipangira. Mavalavu ambiri a mtunduwu amayenera kukhala otsekula kotheratu kapena otseka kotheratu, osati theka. Limenelo ndi vuto loyenera kukonzedwa, koma likupatsani mpata woti gasi ayambe watha. Thovu likakhala pa nati ya regulator, vuto lili pa nsonga yolumikizira kapena pa kumanga kwa natiyo, ndipo thanki simuikhudza n'komwe. Fungo lobwera masana otentha kwambiri, makamaka mutangothira gasi, kawirikawiri limachokera ku valavu yodziteteza imene ikugwira ntchito yake pa thanki yodzazidwa mopitirira.

Pali vuto linanso limene limanamiza anthu ambiri, loti gasi sakufika m'nyumba ya m'galimotomo kapena moto wa chitofu ndi wochepa kwambiri. M'kati mwa valavu yotulutsira gasi, kapena m'nsonga yolumikizira regulator, mumakhala kachipangizo kamene kamatseka njira gasi akathamanga mwadzidzidzi, poganiza kuti paipi yaduka. Mukatsekula kagudumu mwachangu, kachipangizoka kamatseka. Zimitsani zonse za m'nyumba, tsekani kagudumu, dikirani mphindi zingapo, n'kutsekulanso pang'onopang'ono kwambiri. Magalimoto ena akale alinso ndi valavu yamagetsi pafupi ndi regulator, yolumikizidwa ku kachipangizo konunkhiza gasi ka m'nyumba, ndipo kachipangizoko kakafa kapena batire likatha, gasi sadutsa ngakhale thanki ikhale yodzaza.

Valavu isinthidwe ngati gasi akudutsabe mutatseka kagudumu mwamphamvu ya dzanja, ngati thovu likutuluka pa mazinga olowa m'thanki, ngati tsinde lapindika kapena likutaya gasi ngakhale mutatsekula kotheratu, kapena ngati thupi la valavu lang'aluka.

Gawo lachiwiri: onani ngati thanki ikuyenera valavu yatsopano

4. Pukutani kachitsulo kolembedwa kamene kanawotcheredwa pa thanki, ndipo werengani dzina la kampani, chaka, kukula kwa thanki ndi mphamvu imene imapirira. Mathanki ambiri a magalimotowa analembedwa 312 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu yokankha ya gasi), ndipo ena akale kwambiri analembedwa 250 psi. Ngati dzimbiri ladya zilembozo mpaka sizikuwerengeka, ogulitsa gasi ambiri akana kuithira, choncho valavu yatsopano ikhala yopanda phindu. Yang'ananinso kunsi kwa thanki ndi pa zitsulo zoigwirira, kumene matope ndi mchere wa m'misewu ya chipale chofewa zimakhazikika. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi ndi penti, koma ngati lakumba timaenje kapena chitsulo chikusendeka ngati khungwa, gulani thanki ina. Ine ndimaona kuti pa galimoto ya zaka 30 kapena kupitirira, mtengo wa thanki yatsopano yobwera ndi mavalavu ake onse uyenera kufunsidwa musanagule valavu imodzi.

5. Jambulani valavu yakale ndi foni mbali zonse, makamaka nambala yodindidwa pa thupi lake ndi kumene kukamwa kwake kwaloza. Makampani monga RegO, Marshall Excelsior ndi Cavagna amapanga mavalavu ooneka ofanana koma osiyana m'kati: ina ili ndi kachipangizo kotseka gasi akathamanga, ina ili ndi valavu yodziteteza m'thupi momwemo, ina ilibe zonsezi. Mazinga olowa m'thanki nthawi zambiri ndi a mainchesi 3/4 a mtundu wa NPT (mazinga a mapaipi a ku America), koma kukwana kwa mazinga si umboni woti valavuyo ndi yoyenera. Pitani ndi zithunzizo kwa wogulitsa zipangizo za gasi, ndipo musayambe kumasula kanthu valavu yatsopano isanafike m'manja mwanu.

Gawo lachitatu: khuthulani thanki

6. Chepetsani gasi pomugwiritsa ntchito: phikani, tenthetsani madzi, yatsani chotenthetsera m'nyumba, mazenera ali otsekula ndipo inu muli pomwepo. Ngati gasi watsala wambiri, kapena ngati valavu ikutaya gasi moti simungadikire, itanani wogulitsa gasi amene ali ndi pampu yokokera gasi kapena chipangizo chomuwotchera panja mosamala.

*Chenjezo:* musatsekulire gasi mumlengalenga kuti athe msanga. Gasi wa m'mathankiwa ndi propane, ndipo lita imodzi ya propane wamadzi imasanduka malita pafupifupi 270 a mpweya, choncho malita 20 otsala m'thanki ndi malita 5,400 a gasi. Gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, sakwera m'mwamba koma amayenda pansi ngati madzi n'kukadikha m'ngalande, m'dzenje la amakaniko kapena kunsi kwa galimoto ya mnzanu, ndipo amayaka akangofika 2 peresenti yokha mumpweya.

7. Imikani galimoto panja, pamalo athyathyathya opita mphepo, kutali ndi nyumba, ngalande ndi magalimoto ena. Zimitsani filiji, giza ndi chotenthetsera m'nyumba pa maswitchi ake, chifukwa zipangizozi zimadziyatsa zokha ndi kamoto kothetheka popanda kukuchenjezani. Zulani chingwe cha magetsi a panja, zimitsani jenereta, ndipo chotsani waya wa negative pa mabatire onse, la injini ndi a m'nyumba. Chitani zimenezi musanatsekule chilichonse pa thanki, pakuti waya wa batire umathetheka pouchotsa.

8. Tsimikizani kuti thanki yathadi. Sitepe imeneyi ndiyo ikuluikulu pa ntchito yonse, ndipo geji siingakuthandizeni, chifukwa singano yake imayendetsedwa ndi kachitsulo koyandama kamene pa thanki yakale kamatha kukakamira kapena kugona pansi gasi akadalipo. Kuzima kwa moto wa chitofu nakonso si umboni wokwanira. Propane amawira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, ndipo akamatuluka kwa nthawi yaitali, wamadzi wotsalayo amazizira kwambiri mpaka amasiya kutulutsa mpweya. Moto umazima, kunsi kwa thanki kumachita thukuta kapena kuyera ndi chisanu, mwini wake n'kuganiza kuti gasi watha. Thanki ikafundanso, mphamvu imabwerera, ndipo tsiku lofunda bwino imapitirira 100 psi kaya m'thanki mwatsala gasi wamadzi wambiri kapena wochepa.

Choncho moto ukazima, tsekani kagudumu n'kusiya thanki usiku wonse. M'mawa kukafunda, mutavala magolovesi ndi magalasi, tsekulani pang'ono kavalavu koyesera mlingo n'kumvetsera. Kakalira kuti tsiii mosalekeza, gasi akadalimo, ndipo mubwerere ku sitepe 6. Kakakhala chete, musakhulupirirebe msanga, chifukwa kabowo kake ndi kakang'ono ngati nsonga ya singano ndipo kamatsekeka ndi zinyalala. Umboni wachiwiri mudzaupeza pa sitepe yotsatira. Ngati valavu yakale yakakamira yotseka moti simungathe kutulutsa gasi kapena kutsimikiza chilichonse, lekerani pomwepo n'kuitana mmisiri wa gasi.

Gawo lachinayi: chotsani yakale, ikani yatsopano

9. Kagudumu kali kotseka, masulani nati ya regulator. Nati imeneyi, ya mtundu wa POL, ili ndi mazinga amanzere, ndipo chizindikiro chake ndi timizere todulidwa m'makona ake: imamasuka mukaizungulira kumene mivi ya wotchi imalowera. Ambiri amaikokera kumene anazolowera, akamva kulimba n'kuwonjezera mphamvu, mpaka makona a nati atha. Ikani regulator pambali osapinda paipi, ndipo kulungani nsonga yake ndi nsalu yoyera. Tsopano, mutaima chambali, tsekulani kagudumu pang'onopang'ono. Kampweya kochepa kotha m'masekondi angapo si kodabwitsa, koma kulira kopitirira kukutanthauza kuti thanki sinathe.

10. Tsukani kuzungulira tsinde la valavu kuti dothi lisagwere m'thanki, thiranipo mafuta ofewetsa dzimbiri, ndipo konzeranitu valavu yatsopano kuti thanki isakhale yasasa nthawi yaitali. Mavalavu ena amabwera atapakidwa kale chomatira pa mazinga, ndipo amenewo safuna china. Ngati yanu ilibe, pakani phala la gasi mopyapyala, kapena kulungani tepi yachikasu motsata kumene mivi ya wotchi imalowera mutayang'anizana ndi nsonga ya mazinga, kusiya mazinga awiri oyambirira opanda kanthu kuti tizidutswa tisalowe m'kati n'kukatseka regulator.

11. Gwirani valavu yakale ndi sipanala pa makona a thupi lake, osati pa kagudumu kapena pakamwa. Mazinga awa ndi amanja monga a bawuti wamba. Kokani mwamphamvu koma mosadzidzimutsa, ndipo ikangosuntha, imani n'kumvetsera. Mukamva kulira kwa gasi, ibwezereni pomwepo. Kukakhala chete, pitirizani pang'onopang'ono, nkhope yanu ili kumbali.

*Chenjezo:* valavu imene yakhala zaka makumi atatu imakana kusuntha, ndipo m'pamene munthu amalakalaka moto wowotcherera, galayinda, hamala kapena sipanala yamagetsi. Chilichonse mwa zimenezi n'choletsedwa. Thanki yopanda mphamvu imakhalabe yodzaza ndi mpweya wa gasi, ndipo pabowo la valavu, pamene gasiyo akukumana ndi mpweya wa panja, ndi pamene moto umagwirira. Valavu ikakana ndi sipanala yaitali, ntchito yafika pa mmisiri.

12. Pukutani mazinga a m'thanki ndi burashi yamkuwa ndi nsalu, mokokera zinyalala kunja. Mazinga akakhala ophwanyika kapena odyeka ndi dzimbiri, musawakakamize. Lowetsani valavu yatsopano ndi dzanja, ndipo iyenera kuyenda mosavuta maulendo angapo isanayambe kulimba. Ikalimba pa ulendo woyamba, yalowa mopingasa, choncho itulutseni n'kuyambanso. Mangani ndi sipanala motsatira pepala la kampani, ndipo muime pamene kukamwa kwaloza monga pa chithunzi chanu chija. Mazinga a NPT ndi osongoka, amamata chifukwa chothinana, choncho mukapitirira malo oyenera musabwerere m'mbuyo kuti muwongole. Kubwerera ngakhale pang'ono kumasiya njira ya gasi. Mukapitirira, itulutseni yonse, ipukuteni, ipakeni chomatira chatsopano.

Ngati imene mukusintha ndi valavu yothirira, dziwani kuti mathanki ambiri opangidwa kuyambira m'ma 1980 ali ndi kachitsulo koyandama kamene kamaimitsa gasi pa 80 peresenti, ndipo valavuyo ili ndi chizindikiro choyenera kuloza m'mwamba ndendende. Ikapendekeka, thanki idzadzaza mopitirira kapena idzakana kulandira gasi. Valavu yodziteteza siikonzedwa, siisinthidwa mphamvu, ndipo siitsekedwa ndi chotsekera. Imalowedwa m'malo ndi ina ya nambala yogwirizana ndi kachitsulo ka pa thanki, ndipo imeneyi pamodzi ndi yothirira ndimalangiza kuti muzisiyire mmisiri.

Gawo lachisanu: kuthira gasi ndi kuyesa

13. Tsekani valavu yatsopano, bwezerani mabatire fungo likatheratu, ndipo pitani kwa wogulitsa gasi. Muuzeni momveka kuti thanki inatsekulidwa. Iye ayenera kuchotsamo mpweya ndi chinyezi polowetsa mpweya wa propane n'kuutulutsa maulendo angapo asanathire wamadzi. Mpweya wa panja ukatsalira m'thanki umakweza mphamvu, umazimitsa moto wa zipangizo, chinyezi chake chimaundana mu regulator, ndipo umatha kufafaniza fungo lija la mazira owola limene amathira mu gasi kuti tizimumva akamatuluka. Pemphani kuti athire pang'ono kaye, muyese ndi thovu pa mazinga a valavu muli pomwepo, pakuti thovu likaoneka ndi bwino kukhuthula malita ochepa kusiyana ndi thanki yodzaza.

14. Bwezerani regulator, kukumbukira kuti natiyo imamangika mobwerera kumanzere. Pa nsonga ya POL ndi pa mapaipi okhala ndi milomo yotambasuka simuika tepi kapena phala, chifukwa zimamata pogundana chitsulo ndi chitsulo. Kabowo kopumira ka regulator kaloze pansi kuti madzi asalowe, ndipo chivindikiro chake chibwerere. Regulator ikakhala ya msinkhu umodzi ndi valavu imene mwachotsa, isintheni lero lomwe.

15. Zipangizo zonse zili zozimitsa, tsekulani kagudumu pang'onopang'ono mpaka kumapeto, n'kupaka thovu pa malo onse amene mwakhudza. Ngati muli ndi manometer, onani kuti regulator ikupereka mainchesi 11 a madzi (muyezo umene manometer imasonyeza), kenaka tsekani thanki, tsitsani mphamvu kufika pa mainchesi 8 potsekula chitofu pang'ono, n'kudikira mphindi zitatu. Mlingo usatsike. Mukatero yatsani chitofu, chimene chingalavule mpweya kwa kanthawi chisanagwire, ndipo moto wake ukhale wobiriwira ngati thambo, wosadumphadumpha. Tsukani sopo yense ndi madzi, ndipo mudzayesenso ndi thovu mukayenda ulendo woyamba, chifukwa kugwedezeka kwa pamsewu kumaulula zimene pabwalo zinabisika.

Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chofala kuposa zonse ndi kumanga kagudumu ndi pulayala pofuna kuletsa gasi wodutsa. Pansi pa tsinde pali kachidutswa kofewa kamene kamatseka njira, ndipo pulayala imakaphwanya, motero valavu imene ikanapirira mpaka gasi atatha imasanduka yosatsekeka n'komwe.

Ena amamasula nati ya kunsi kwa kagudumu kuti asinthe kamphete ka labala thanki ili ndi gasi, atamva kuti zimatheka. Alipodi mavalavu opangidwa kuti mmisiri athe kutero, koma pa ena ambiri natiyo ndiyo yagwira tsinde lonse, ndipo ikamasuka tsindelo limafwamphuka ngati chipolopolo, gasi n'kumatuluka popanda chomuletsa. Poyang'ana kunja, munthu wosazolowera sangasiyanitse mitundu iwiriyi.

Kugwira ntchitoyi ndi manja osavala kanthu nakonso kwapweteka ambiri, pakuti propane wamadzi akagwera pakhungu amawotcha ndi kuzizira, ndipo bala lake limafanana ndi la moto. Zikachitika, viikani malowo m'madzi ofunda pang'ono, osatikita, n'kupita kuchipatala.

Palinso amene amamaliza zonse bwinobwino n'kuiwala kachipangizo konunkhiza gasi kamene kali m'nyumba pafupi ndi pansi. Tizipangizoti timagwira ntchito zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri basi, ndipo pa galimoto yakale n'kutheka kuti kanu kanafa kalekale ngakhale kagetsi kake kakuyakabe. Kamasuleni, muwerenge deti limene linadindidwa kumbuyo kwake, ndipo ngati likusonyeza kuti katha masiku, gulani kena musanagone m'galimotomo.